Galasi Limene Silinagwe

Nkhaniyi ndi yoona, ndipo wokayika akayike yekha, ine sindimunyengerera. Amene anaona ndi maso ndi anthu awiri: mayi anga a Sabina, Mkatolika wa kolona m'khosi, ndi Che Hamadi, Msilamu wosaphonya swala. Awiriwa ankatsutsana pa chilichonse, ngakhale za mvula, koma pa nkhani iyi yokha ankanena chimodzi.

Munali mu 1947. Bambo anga a Blasius anali atabwerako ku nkhondo ya ku Burma opanda mkono wamanzere. Asanapite anali makanika wodziwika, koma atabwerako aliyense ankangoyang'ana mkono wa malaya wopindidwa paphewa n'kunena kuti ntchito kulibe. Anakhala pakhonde kwathu ku Rivirivi zaka ziwiri, akuwonda ndi maganizo.

Che Hamadi anali kapitawo pa galaja ya mmwenye wina pa Balaka, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Mayi anawapondera pakhomo kuwapemphera bambo ntchito mpaka munthu wamkuluyo anatopa. Tsiku lina analoza galimoto yakuda imene chopukusira galasi chake chinkangozungulira pachabe, galasi litagwera mkati mwa chitseko.

"Akakonza icho okha, ntchito ndi yawo," anatero Che Hamadi. "Koma inu amayi mukangogwirako, basi kwatha. Ndipo galasilo likasweka, lina n'loyitanitsa kutali, miyezi itatu."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira ngati zapenga. Bambo anagwada pachitseko. Anachotsa chogwirira, anamasula chikuto chamkati, n'kusolola chitsulo chonse cha mano chokwezera galasi kudzera pa chibowo. Vuto analipeza msanga: kamsomali kogwira giya yaing'ono kanali katathyoka. Anapana chitsulocho pakati pa mawondo, anapala msomali wamba mpaka unakwana, n'kuukhomera. Masikuluu ankawasunga m'kamwa. Mayi anakhala pansi pa mango atakhalira manja awo, chifukwa ankadziwa kuti manjawo ndi osamva.

Kenako panatsala pamene aliyense amaitana mnzake. Galasi limayenera kugwidwa m'mwamba pamene wina akulowetsa kagudumu ka chitsulo chija m'njanji yake pansi pa galasi, ndi kumanga mabawuti. Bambo anakweza galasi, analipana ndi kathabwa kokulunga nsanza, n'kulowetsa mkono wawo umodziwo m'chitseko mpaka m'phewa.

Nyenje zinasiya kulira. Zonse pamodzi.

Mayi akuti kunabwera fungo la matope ndi masamba owola, fungo la nkhalango yonyowa, pa Balaka pamene mvula inali isanadonthe miyezi isanu. Che Hamadi nawonso analimva. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo.

Kathabwa kanatereka, kanagwa pansi. Galasi linayamba kutsika. Mayi anatseka pakamwa.

Linaima. Pakatikati, popanda choligwira.

Mkono wa bambo unali udakali m'chitseko, sipanala ili m'manja. Sanautulutse. Anangoyang'ana galasi lija nthawi yaitali, thukuta likudontha pachibwano. Mkono wa malaya wopindidwa uja unkanjenjemera, mphepo kulibe.

"Kweza pang'ono," ananong'ona bambo.

Galasi linakwera, likulira pang'onopang'ono m'mphira zake.

"Basi. Pomwepo."

Linaima pomwepo.

"Subuhanallah," anatero Che Hamadi chapansipansi. "Che Blasius, wagwira ndani?"

"Tadikirani, a kapitawo. Tili pa ntchito."

Kunkangomveka sipanala. Bawuti yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Bambo anatulutsa mkono, anabwezera chogwirira n'kupukusa. Galasi linatsika bwinobwino, linakweranso bwinobwino. Pomwepo nyenje zinayambanso phokoso lawo ngati palibe chachitika.

Mayi anadumpha n'kululutira mpaka anthu a pa siteshoni anatembenuka. Anavina ndi fumbi lomwe, kolona ikuwamenya pachibwano. Bambo anapukusa galasi lija kasanu ndi kawiri popanda chifukwa, akuseka ngati mwana, misozi ikudula girisi m'masaya.

Koma Che Hamadi sanali munthu wokhulupirira za m'mphepo. Anazungulira galimoto, anasuzumira pansi, anapisa m'chitseko. Munalibe waya, munalibe chingwe. Atayang'anitsitsa galasi anaona zala zisanu za girisi, zatsopano, zonyezimira. Anagwira dzanja lamanja la bambo n'kuliika pamenepo. Kutalika kunali komweko, kukula komweko, koma chala chachikulu chinali mbali inayo.

Munthu wamkuluyo anavula kofiya, anakanda m'mutu, anaivalanso.

"Ndinati okha," anatero. "Chabwino, sindikuona kuti pagwira mlendo apa. Mawa seveni koloko mukhale mutafika. Nonse."

Kuchokera pa Balaka kukafika ku Rivirivi ndi mtunda, koma mayi akuti tsikulo sanaumve. Anali okondwa, anali ndi mantha, ndipo sankadziwa kuti ayambe chiti. Anaopa kufunsa mpaka atafika pamtsinje, pamene bambo anagwada kuti asambe girisi. Anasamba dzanja lawo limodzilo, kenako anapendeka n'kutsitsira phewa lamanzere kumadzi, akumwetulira.

"Abambo, mukutani?"

"Galasi lija linali lotentha, Sabina," anatero. "Mpaka pano likundiwotcha. Ku zala zonse zisanu."