Bisiketi ya Mayi Shimoda

"Amayi, bwanji apulo wanuyo akutuluka magazi?"

Anafunsa motero Chiharu, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, m'mawa wina pa tchuthi cha nyengo yotentha. Mayi ake, Mayi Kurata, anayang'ana pamene analumapo, naona kufiira. Anaponya apuloyo m'bini msangamsanga.

"Idya zako. Usamasuzumire m'kamwa mwa akuluakulu."

Komatu ankadziwa. Dokotala wa mano anali atawauza kuti nkhama zawo zagwidwa ndi chiseyeye, ndipo mano a m'munsi ayamba kugwedera. Anawalangiza kuti azibwera kudzatsukitsa mano, komanso azidzukako pa makina awo osokera. "Amayi amene amayendayenda ndimawapeza nkhama zawo zili bwinoko," anatero. Iwo sanabwererekonso. Zosoka zinali mulu, ndipo manyazi nawo anali mulu.

Chomwe chinkawapweteka kuposa nkhamazo chinali kuseri kwa mpanda. Mnansi wawo, Mayi Shimoda, ankanyamula wailesi m'mawa uliwonse kukatsogolera ana ndi nkhalamba za m'deralo masewera olimbitsa thupi kupaki, motsatira nyimbo za pa wailesiyo. Ankabwerako thukuta lili kamukamu, akuseka mano onse pamtunda, oyera mbee. Chiharu ankawalondola ngati mwana wawo.

"Amayi Shimoda amagwira zala zakumapazi osapinda mawondo!" anatero Chiharu tsiku lina akuvula nsapato pakhomo.

"Ukawauze akusokere yunifolomu ndi zala zakumapazizo," anayankha mayi ake osadzutsa mutu. Kuyambira tsikulo anamuletsa kupita kupaki, ati wailesiyo ndi phokoso chabe.

Patapita sabata, Mayi Shimoda anagogoda. Anali atapita kumudzi kwawo kukasesa manda a makolo, ndipo monga mwa mwambo anabweretsera aneba kamphatso: bokosi la mabisiketi a mpunga, ouma gwa ngati matabwa.

"Amake Chiharu, kanthu kachabechabe aka," anatero akuwerama. "Koma ndi olimbatu. Muziyamba mwaviika m'tiyi."

Mayi Kurata anamva kutentha m'makutu. Kuviika? Ngati nkhalamba? Anathira tiyi, natsegula bokosilo pamaso pa mlendo.

"Kwathu sitiviika," anatero, naluma mwamphamvu.

Panamveka kaphokoso komwe sikanali ka bisiketi. Anaphimba pakamwa ndi dzanja. Atalichotsa, pachikhatho panali dzino ndi magazi. Chiharu anakuwa.

"Thamanga ukatenge nsalu yoyera," Mayi Shimoda anauza mwanayo. Atabwera nayo, Mayi Shimoda anaipinda bwinobwino. "Lumani apa, mwamphamvu. Musalavule."

"Sekanitu," anatero Mayi Kurata, mawu akutulukira m'nsalu, misozi ili lengelenge. "Inu Mulungu anakukonderani. Thupi lanu, mano anu, ngakhale mwana wangayu ndi wanu."

Mayi Shimoda sanaseke. Anatembenukira kukhoma pang'ono, nalowetsa zala m'kamwa. Atacheuka, m'manja mwawo munali mano anayi oikirira, ndipo pakamwa pawo panali mpata woti n'kudutsa supuni.

"Kukonderedwa kwake ndi kumeneku?" anafunsa, mawu akupita ndi mpweya. "Ndinakhala zaka zambiri pampando wa mu ofesi, kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya sitima yomaliza ya usiku. Magazi ndinkawaona pamswachi, ine n'kumati ndikapezako nthawi. Mmene ndinkaipeza nthawiyo, awa anali atapita. Wailesi ija ndimainyamula chifukwa cha mantha, aneba. Ndikulondera otsalawa."

Chiharu anayang'ana manowo, kenaka mayi ake. "Amayi, inunso mudzayamba kuvula mano?"

Mayi Kurata anatembenukira ku makina awo osokera. Anakankhira pambali diresi lomwe linali pa makina.

"Ine zala zakumapazi sindingazifikire," anatero.

"Mukuganiza kuti ine ndinayamba bwanji? Tsiku loyamba ndinagwera pa agogo ena, mpaka lero samandipatsa moni." Mayi Shimoda anabwezeretsa mano awo m'kamwa. "Koma kupaki kokha sikuchiza. Lero lomwe tipite kwa dokotala, ndikuperekezani."

"Nanga mawa, nthawi yopita kupaki, ndikagonereza?"

"Ndidzaika wailesi pawindo panu, mpaka msewu wonse udzuke."

Mayi Kurata anaseka, nsalu ili kukamwa. "Musavutike. Mudzandipeza pageti, ine ndi mwanayu. Wailesiyo ndidzanyamula ndine."

"Mwalonjeza, amake Chiharu?"

"Ndalonjeza. Koma zomwe ndaona m'manja mwanu zija, sindidzauza munthu."

"Nanenso za bisiketi sindikuzidziwa," anatero Mayi Shimoda, akuvala nsapato.