Kalata Yoimitsa Macheke

Lachiwiri, 7:20 m'mawa, Inspekita anapeza anthu atadzaza kale pakhomo pa sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Mayiyu anali atafufuza milandu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo anzake ankamutcha Nkhupakupa chifukwa akakakamira mlandu sankachokapo.

Mwini sitolo, amene aliyense ankangowatchula kuti Madala, anali chafufumimba m'kaofesi kakuseri. Anawamenya kunkhongo ndi paipi yachitsulo. Dokotala anati anamwalira cha m'ma 6 koloko madzulo a dzulo lake, sitolo itangotsekedwa. Chitseko sichinathyoledwe, ndipo ndalama za m'kabati zinali momwemo.

Amene anapeza mtembo anali mkamwini wawo, manijala wa sitoloyo, mnyamata wovala bwino wonunkhira perefyumu.

"Masabata atatu apitawo buku la macheke la apongozi linasowa," anatero akupukuta m'maso. "Tinachita zonse zofunika. Lipoti la kupolisi tinatenga, kwa loya analumbira, kubanki tinapereka kalata yoimitsa macheke. Koma macheke atatu anadutsabe, ndalama zoti mungagule lole. Apongozi anachotsa ntchito dalaivala, chifukwa bukulo linkakhala m'galimoto."

"Dalaivalayo anachoka mwamtendere?" Inspekita anafunsa.

"Mtendere wake uti, bwana? Anakuwa pakhomo apa, anthu akumva, kuti Madala aona zakuda."

Sajeni, amene anabwera ndi Inspekita, sanafune kumva zambiri. Pofika 11 koloko dalaivala anali m'chitokosi, ndipo mkulu wa polisi analamula kuti Lachinayi m'mawa akaonekere kukhoti pa mlandu wakupha.

M'chipinda chofunsira mafunso dalaivalayo anayang'ana Inspekita, manja ali mu unyolo.

"Mawuwo ndinanenadi, amayi, sindikana. Ndinali ndi mkwiyo. Zaka khumi ndi zinayi ndawayendetsa, lero andinene kuti ndine mbava? Koma kupha ayi. Lolemba madzulo ndinali kunyumba ndekha, akazi anga anapita kuchipatala ndi mwana."

"Mboni palibe," anatero Sajeni akutseka faelo. "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata."

Inspekita anamumvera chisoni munthuyo, koma chisoni sichitsegula chitokosi. Chinkamusowetsa mtendere chinali china. Ngati banki inalandiradi kalata, inalipira bwanji macheke atatu?

Lachitatu, 9:05, anali mu ofesi ya manijala wa banki. Manijalayo anatulutsa kalata yotayipa bwino, yosainidwa, yokhala ndi chidindo.

"Ife tilibe mlandu," anatero. "Kalata ikuti tiimitse macheke kuyambira nambala 44 mpaka 100. Amene anadutsa ndi 41, 42 ndi 43, ndipo analipiridwa ku kampani ina yogulitsa simenti. Madala anabwera Lolemba masana atalusa, akuti atisumira. Ndinawaonetsa kalatayi. Anapempha fotokope n'kumapita."

"Anabweretsa kalatayi ndani?"

"Mkamwini wawo. Ndiye amayendetsa zakubanki."

Apa panalibe chachilendo, poti mkamwiniyo sanabise zoti kalata inapita kubanki. Kampani ya simenti ija Sajeni anakaifufuza n'kupeza kachipinda kotseka, kopanda ngakhale thumba limodzi. Tsiku linkapita, ndipo dalaivala anali atatsala ndi maola ochepa.

Nthawi ya 2 koloko Inspekita anakapeza mayi wamasiye, mkazi wa Madala, nawaonetsa fotokope ya kalata ija. Mayiwo anaiyang'ana kamodzi kokha.

"Iyi si ya bambo a kuno. Iwo ndi kompyuta anali khoswe ndi mphaka. Kalata iliyonse ankalemba pamanja m'buku lawo lobiriwira, ataika kaboni pansi kuti kope izitsala. Ikakhala kalata ya kubanki kapena ya boma, ankachita kutsegula kaboni watsopano. Ana ankawaseka kuti ndi achikale."

Inspekita anathamangira kusitolo ngati mtsikana. Buku lobiriwira linali pashelefu. Tsamba lomaliza linali litang'ambidwa, ndipo m'mphepete mwake munali kadontho ka magazi. Koma pakati pa masamba panatsala kapepala kopyapyala ka buluu. Anakakweza pawindo kuti dzuwa lidutsemo, kenako anaseka yekha mpaka Sajeni anadabwa.

Nthawi ya 4:30 mkamwini analowa kupolisi akumwetulira, poganiza kuti amuitanira kudzasaina umboni. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Achimwene, munabadwa chaka chanji?" Inspekita anafunsa.

Iye anatchula.

"Ndiye kaboni simunamugwiritsepo ntchito. Ine ndalemba naye malipoti mpaka zala kuda." Anaika kapepala ka buluu pagalasi la windo. "Kaboni watsopano amasunga chilembo chilichonse chimene cholembera chadinda. Tawerengani mzere wachitatuwo."

Mkamwini anasuzumira.

"Ndikuwerengereni?" anatero Inspekita. "Akuti muimitse macheke kuyambira 41 mpaka 100. Iyi ndiyo kalata imene apongozi anu anakutumani nayo. Imene inafika kubanki ndi yotayipa, ikuyambira pa 44, ndipo munaipereka ndinu. Kope yake munaing'amba m'buku ndi zala zamagazi. Kapepala aka munakasiya poganiza kuti ndi chinyalala."

Kenako mnyamata uja anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Sindinkafuna kuwapha," anatero ndi mawu osasa. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndayendetsa sitolo ija, koma ankandituma ngati mesenjala pamaso pa antchito. Anati akadzafa sitolo ndi ya mwana wawo wamwamuna, amene sadziwa n'komwe mtengo wa msomali. Ndinaba bukulo kuti ndiyambe yangayanga. Siginecha yawo ndinaiphunzira kalekale. Lolemba anandiitana, kope yawo uku, fotokope ya kubanki uku. Anati kukacha apita nazo kupolisi, ndipo mwana wawo wamkazi, mkazi wanga, ndimuiwale. Atatembenuka kuti atenge jekete, paipi inali pafupi."

"Nanga dalaivala?"

"Anadziwotcha yekha ndi pakamwa pake. Ine ndinangoloza."

Inspekita sanabise kunyansidwa kwake. Analemba mlandu wakupha, wakuba ndi wopeka siginecha, nauza Sajeni kuti akapereke kalata kubanki yoti ndalama za kampani yabodza ija zisakhudzidwe mpaka khoti litalamula.

"Koma usananyamuke," anatero, "chitokosi unatseka ndiwe. Katsegule wekha."

Dalaivala anatuluka 6:10, atagwira lamba ndi zingwe za nsapato m'manja. Anaima pakauntala osakhulupirira.

"Ndiye kukhoti mawa kulibe, amayi?"

"Kukhoti kuliko, koma akupita ndi wina. Inu kazipitani kwanu."

Pabenchi panja panakhala mayi wamasiye uja, maso ofiira. Ataona dalaivala anaimirira, namasula mfundo ya pansalu yawo, n'kutulutsa makiyi a galimoto.

"Bambo a kuno anakulakwirani, ndipo sangathenso kupepesa okha," anatero. "Mawa tikukawaika. Munawayendetsa zaka khumi ndi zinayi. Ulendo uwu sindifuna awayendetse wina."