Malaya a Bambo Pachipata

Senka anali ndi mng'oma wakewake wa njuchi. Unali waung'ono. Anaupaka yekha utoto wachikasu. Senka ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kulawa uchi wa njuchi zake.

Chaka chimenecho mtsinje wa Tisa unasefukira. Madzi anatsalira m'maenje. Udzudzu unaswana. Unaluma Senka. Unaluma amayi ake. Unaluma ngakhale Garo, galu wawo. Bambo ake, a Gavra, ankangokhalira kudziwomba pakhosi.

Tsiku lina wailesi inalengeza uthenga. Galimoto yopopera mankhwala ibwera dzuwa likamalowa. Aliyense akhale m'nyumba.

Anthu anasangalala. Koma nkhope ya Senka inagwa. Iye ankadziwa kuti mankhwala sasankha. Amapha udzudzu. Amaphanso njuchi.

"Walira mvula walira matope, mwanangu," anatero amayi. "Koma usade nkhawa. Timanga nsalu ija."

M'mudzimo, woweta njuchi amamanga nsalu yoyera pachipata. Wopopera akaiona, amazimitsa makina ake. Amadutsa osapopera.

Madzulo ntchito inachuluka. Bambo anali kutali, kokolola tirigu. Amayi anaanula zovala pachingwe. Anavindikira chitsime. Anatseka mazenera onse. Senka analowetsa Garo ndi mbale yake.

Kenako anathamangira kumng'oma. Ankafuna kutseka kakhomo ka njuchi. Koma kunja kunali kotentha. Njuchi zina zinalendewera pakhomopo ngati ndevu. Zina zinali zikadali m'maluwa a mtengo wa lipa. Senka anazinyengerera kuti zilowe. Njuchi sizinamve. Njuchi zilibe wailesi.

"Amayi, nsalu ija ili kuti?" anafunsa Senka.

Amayi anagwira pakamwa. Nsalu ija inali kukhitchini. M'mawa anasefera mkaka wopangira tchizi. Inali pa mbedza, yodzaza, ikudontha. Do, do, do.

Pomwepo Senka anamva phokoso. Duuuu! Galimoto inali itafika kutchalitchi. Inali kutali ndithu. Koma inkabwera.

Senka anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Tawulo linali lofiira. Nsalu ya patebulo inali yamaluwamaluwa. Ndiye anaona malaya a bambo. Anali pachitseko, oyera mbee. Amayi anali atawasita bwinobwino. Mawa lake kunali ukwati wa azakhali ake a Senka.

Senka anaganiza za bambo. Anaganiza za njuchi. Anatenga malaya aja.

Anathamangira kuchipata. Anamanga mkono wina pachitsulo. Anamanganso mkono wina. Kenako anabwerera m'nyumba msangamsanga. Amayi anatseka chitseko. Anamuyang'ana.

Onse anaima pazenera. Galimoto inkabwera pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake kunkatuluka utsi woyera. Inadutsa nyumba yoyamba. Inadutsa nyumba yachiwiri. Senka anagwira dzanja la amayi. Anali ndi mantha kwambiri.

Galimoto itafika pachipata chawo, utsi uja unaleka. Woyendetsa anayang'ana malaya. Anaseka. Analiza hutala kawiri. Galimoto inadutsa osapopera. Inakayambiranso patsogolo, kutali ndi mtengo wa lipa.

M'mawa Senka anadzuka molawirira. Anathamangira kumng'oma. Njuchi zinkatuluka. Njuchi zinkalowa. Zinali zamoyo. Mtima wake unakhala pansi.

Koma pachipata panali bambo. Anali atavala vesiti yokha. Ankayang'ana malaya awo. Pamkono panali banga la dzimbiri.

"Senka," anaitana bambo, "ndani wandimangirira pachipata?"

"Ndine, bambo. Pepani," anayankha Senka. "Nsalu inali ndi tchizi. Njuchi zinakana kulowa."

Bambo anapita kumng'oma. Anawerama. Anamvetsera kulira kwa njuchi. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Ndiye kuti ndagwira ntchito ziwiri," anatero bambo. "Ine ndimakolola tirigu. Malaya anga amalondera njuchi."

Amayi anachapa malaya aja ndi sopo. Anawasitanso. Koma banga silinachoke. Kuukwati bambo anavala jekete tsiku lonse. Dzuwa linaswa mtengo. Thukuta linali kamukamu. Komabe jekete sanavule. Udzudzu unali utachepa, ndipo anthu anavina osadzikanda.

Patapita masabata, mng'oma wachikasu unalemera. Bambo anathandiza Senka kufula uchi. Unkanunkhira maluwa a lipa.

Senka anadula buledi. Anapaka uchi wambiri. Sanayambe kulawa iye. Anapereka kwa bambo ndi manja awiri.

Bambo analuma. Uchi unadontha. Unagwera pa malaya omwe aja.

"Asiyeni alawe," anatero Senka. "Nawonso anathandiza."

Kenako Senka analawa wake. Unali wotsekemera kwambiri.