Anati Ndi Malungo

Manase anachoka kuchipatala mochedwa, akabaza onse ataweruka. Mkazi wake Yunike anamusiya ali gone, thupi likutentha, mimba itatupa chichitireni opaleshoni pobereka. Anamwino anati ndi malungo, asadandaule. Iye anayamba ulendo wapansi wopita kwawo ku Vinthukutu.

Pamlatho anapeza mayi atakhala, manja onse ali pamimba.

"Monire, adada," anatero mayiyo. "Akuti chiyani za Yunike?"

Manase anaima. Sanamudziwe mayiyo.

"Akuti malungo, amama."

"Nanenso anatero. Ine ndine Lettie, wa ku Mlare. Dokotala mmodzi anapempha kuti anditsegule, aone chimene chinalakwika. Abale anga anakana, ati galimoto yodzanditenga yafika kale, munthu sadulidwa kawiri. Dokotalayo sanaumirire. Masiku ano sapempha n'komwe."

Mphepo inaleka. Achule anangoti zii.

Mayiyo anagwira dzanja la Manase n'kuliika pamimba pake. Kuzizira kwake! Pansi pa chilonda chosokedwa panali chinthu cholimba, chokulungika ngati nsanza.

"Anaiwala nsalu m'kati. Palibe anaiona, ndiye palibe anaphunzira. Manja amene anandisoka ine ndi omwewo... akusokabe."

Manase anasolola dzanja. Anathawa. Nsapato imodzi inatsala m'matope. Kumbuyo mawu ankamutsata:

"Auzeni amutsegule Yunike akadali moyo!"

Anafika kunyumba. Amayi ake anatsegula chitseko, nyali ili m'manja.

"Amama, Lettie wa ku Mlare ndani?"

Amayiwo anakweza nyali n'kumuyang'anitsitsa.

"Wamumva kuti? Lettie tinamuika kalekale, iwe usanakwatire. Anapita ndi malungo atangobereka. Mwana wake ndi uja amagulitsa usipa ku Sangilo."

Manase anatulutsa foni n'kuimbira kuchipatala. Inaitana nthawi yaitali namwino asanayankhe, mawu ake ali olema ndi tulo.

"Asisita, ndine mwamuna wa Yunike. Chonde muuzeni dokotala atsegulenso. Muli nsalu m'mimbamo!"

"Nsalu? Bambo, kuno sizinachitikepo zimenezo. Wakuuzani ndani?"

Manase anayang'ana dzanja lake. Linali lozizirabe. Anatsegula pakamwa, koma dzina la munthu wa kumanda silinatuluke.

"Mankhwala a malungo tampatsa," anatero namwinoyo. "Kagoneni."

Foni inaduka.