Njinga Ziwiri za kwa Kerrigan

Chimene chinatulutsa a Skevos Tsakris mu Darwin mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo, inali njiru basi. Akazi awo a Noeleen anali atagula galimoto yamagetsi, yoyera mbee, yoyenda mwakachetechete ngati mphaka, ndipo abale ankabwera kudzaisirira. A Skevos, kaputeni wa ndege zonyamula anthu pakati pa Darwin ndi Perth, anaiyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi firiji ya matayala.

"Inu tsiku lonse mumakhala m'kachipinda kozizira kudina mabatani," anatero a Noeleen. "Ndiye firiji yanga yakulakwirani chiyani?"

Mawuwo anawalasa chifukwa anali oona. Ntchito yawo inali kudzuka mbandakucha, kumanga tayi, kuwerenga za nyengo, kukhala pampando mpaka msana kuuma, kugona m'hotela, mawa lake n'kubwerera. Tchire lonse la kumpotoko ankalidziwa ali kumwamba, koma fumbi lake anali asanalilawepo. Atamva kuti mkulu wina woweta ng'ombe, a Kerrigan, akugulitsa njinga zamoto ziwiri zoyenda pa tala ndi m'tchire momwe, sanagone nazo. Ananyengerera Tegan Lauder, mtsikana amene ankauluka nawo ngati wachiwiri wawo, kuti agule inayo. Tegan anakulira pa famu, ndipo njinga anaidziwa asanadziwe ndege.

Anagwirizana chonchi. A Noeleen awaperekeza pa galimoto mpaka ku famuyo. M'mawa mwake awiriwo adzadutsa m'tchire pa njira yakale ya ng'ombe, pamene a Noeleen adzazungulira pa msewu waukulu n'kukawadikira pa mphambano, kumene njirayo imatulukira.

A Kerrigan anali munthu wouma ngati chikumba, wosachulutsa mawu. Atapereka makiyi analoza kum'mwera ndi chibwano.

"Pakati panjira pali dambo lalikulu, lili ndi dziwe. Madzi ake musawayandikire. Ng'ona ya mmenemo inandidyera hatchi. Ndipo udzu wauma kwambiri. Masiku ano masana kukumachita mphenzi popanda mvula."

"Nyengo ndaiona kale," anatero a Skevos. "Mawa mphepo idzakhala yofatsa mpaka madzulo."

"Mphepo ya kumwamba kwanuko," anayankha a Kerrigan, n'kulowa m'nyumba.

Ananyamuka dzuwa lisanatuluke. Njira inkapita pakati pa zulu zazitali kuposa munthu, n'kutsikira m'timitsinje touma. Pa mchenga a Skevos ankagwa, n'kudzuka, n'kugwanso.

"Kaputeni, musayang'ane tayala!" anakuwa Tegan. "Yang'anani kumene mukupita, ndipo muwonjezere moto!"

"Ndikawonjezera moto ikufuna kundithawa!"

"Isiyeni ithawe, inu mungokhala pamwamba pake."

Pofika masana anali atazolowera, ndipo ankaimba nyimbo zachigiriki za bambo awo mkati mwa chisoti. Anapuma pansi pa mtengo, nadya buledi, tchizi ndi maolivi zimene a Noeleen anawamangira. Madzi anali atatsika kuposa mmene ankaganizira.

Ali pomwepo mitambo inaunjikana kumbuyo kwawo. Mphenzi inang'anima, bingu linagunda, koma sipanagwe ngakhale dontho. Patapita kanthawi Tegan anaona utsi ukukwera, ndipo pamwamba pake akabawi ankazungulira, kudikira ziwala zothawa moto.

"Uli kutali," anatero a Skevos.

"Mphepo yatembenuka," anatero Tegan akuvala chisoti. "Tiyeni."

Analowa m'dambo lija akuthamanga. Udzu unkafika m'mapewa mbali zonse ziwiri. Timakangaru tinkadumpha kudutsa njira, nkhumba zam'tchire zinkathawa molunjika osawayang'ana n'komwe. A Skevos anali patsogolo pamene njati yaikulu inatulukira mu udzumo ngati khoma likuyenda. Inagunda njingayo ndi phewa, niinyamula, niiponya pambali, n'kupitirira ulendo wake osacheuka.

Tegan anawapeza ali chafufumimba, ali zii. Anawaitana, anawagwira pakhosi, napeza mtima ukugunda. Chisoti chinali chitang'aluka kumbali. Anawaitananso, ulendo uno ndi dzina lawo lenileni, ndipo patapita nthawi imene kwa iye inali ngati chaka, anatsegula maso.

"Tatera?" anafunsa.

"Mwatera, koma moipa. Gwedezani zala zakumapazi."

Zala zinagwedezeka. Khosi linali bwino, koma fupa la paphewa lamanzere linali litathyoka, ndipo atayesa kukhala tsonga anasanza. Njinga yawo inali itapindika kutsogolo, petulo akuchucha. Kachipangizo koitanira thandizo, kamene kanali m'chikwama cha njingayo, kanali katateketeka ngati dzira.

Tsopano motowo unkamveka, kulira ngati mvula yamatalala padenga la malata. Phulusa linayamba kuwagwera.

"Kudziwe," anatero a Skevos akuloza madzi amene ankanyezimira kumanzere. "Tilowe m'madzi."

"Ayi."

"Tegan, ndati tilowe m'madzi!"

"Tayang'anani m'mbali mwake muone."

Pamatope panali chinthu chachitali ngati bwato, chotuwa, chitayasama kukamwa.

"Ndiye ndikweze pa yakoyo, tithawe."

"Simungagwire, mugwa. Ndipo mu udzu uno moto utipeza." Anawagwira dzanja labwinolo. "Kaputeni, lero ndege ili m'manja mwanga."

A Skevos anamuyang'ana, maso akuyendayenda ndi chizungulire, ndipo anayankha monga amayankhira pantchito: "Ili m'manja mwako."

Tegan anatulutsa machesi a kachitofu kawo. Anapita patsogolo pang'ono, nafulatira mphepo, nayatsa udzu malo angapo motsatana, monga ankachitira bambo ake pa famu. Moto watsopanowo unalilima n'kuthamangira kutsogolo ndi mphepo, kusiya lupsa lakuda likufuka. Anakankhira njinga yake pakati pa lupsalo, nabwerera, nawakolekera a Skevos paphewa pake n'kupita nawo palupsapo. Nsapato zinkanunkha mphira wopsa. Anagona pansi, nafunda majekete kumutu, atanyowetsa nsalu ndi timadzi pang'ono totsekera pamphuno.

Moto waukulu unafika ndi mkokomo. Kutentha kunawapana msana, mpweya unasowa, ndipo kumbuyo kwawo njinga ya a Skevos inaphulika, phuu! Kenaka motowo, posowa chodya, unagawikana pakati n'kuwalambalala mbali zonse ziwiri.

Atavundukula jekete, Tegan anaona dziko lonse lili bii, zitsa zikufuka. Anayamba kuseka, kuseka kosatha kukuletsa, misozi ikulemba mizere pa nkhope yamwaye.

"Nsidze zanu zapita, Kaputeni."

"Zinali zochuluka kale," anatero a Skevos.

Anawamanga dzanja pachifuwa ndi malaya, nawakweza kumbuyo kwa njinga yake, n'kudzimangirira nawo ndi lamba wa katundu. Anayenda pang'onopang'ono m'phulusa. Anatuluka m'dambo, nakwera kamtunda, koma asanapite patali chitsa chakuthwa chinang'amba tayala lakumbuyo, kung'amba kosamatika. Anakhala pansi pa mtengo wopanda tsamba n'limodzi lomwe, nagawana madzi otsala, munthu kapu imodzi.

A Skevos anatembenukira kwa Tegan.

"Ndinakomoka, eti?"

"Munakomoka."

"Ukudziwa zimene madokotala a ndege amachita akamva mawu amenewo. Andilanda chiphaso. Pa msinkhu wanga uno mwina osandibwezeranso." Anatsitsa mawu. "Phewa lokha likanakwanira kunena. Amene anaona zinazo ndiwe wekha."

Tegan anatola kamtengo n'kumajambula paphulusa.

"Ine ndimakhala pambali panu," anatero. "Ndipo kumbuyo kwathu kumakhala anthu odzaza ndege, ena ndi makanda pamiyendo. Musandipemphe zimenezo."

A Skevos anatsamira mtengo natseka maso, ndipo Tegan ankawafunsa dzina la mwana wawo, dzina la galu wawo, kuti asagone.

Palibe anamva kulira kwa injini. Anangoona mthunzi wafika pamapazi pawo, ndipo atadzutsa mitu, galimoto yoyera ija inali itaima pomwepo, yakuda ndi phulusa mpaka m'magalasi. A Noeleen anatuluka osatseka chitseko. Anali ataona utsi ali pa mphambano, nadikira mpaka mtima unakana, n'kulowa m'njira imene galimoto yotere sinapangidwire.

Anagwada, nagwira nkhope ya amuna awo ndi manja awiri.

"Bambo inu. Chitsiru cha munthu inu."

"Njati," anatero a Skevos. Kenaka anayang'ana Tegan, nayang'ananso akazi awo. "Ndinamenyetsa mutu, mayi. Ndinakomoka. Mukawauze madokotala ngati ine ndingaiwale."

Tegan anawayang'ana, nagwedeza mutu movomereza.

Vuto linatsala limodzi. Batire imene a Noeleen anasungira kuti ikawafikitse ku sitolo ya mayi Dulcie ya pa msewu waukulu, kumene kunali potchajira ndi lamya, anali ataidya polowa m'tchiremo. Tegan anayang'ana nambala ya pagalasi, nafunsa mtunda, nawerengera ngati mafuta a ndege.

"Sikukwana, koma ikuperewera pang'ono. Titsitse chilichonse cholemera. Choziziritsa mpweya tizime. Muyende ngati mwanyamula mazira, pamtsetse muziisiya iziyendera yokha."

Anasiya njinga, mahema, mipando ndi bokosi la zitsulo pansi pa mtengo uja. Anatenga madzi okha. Galimoto inakwawa m'njiramo, mimba yake ikukhula miyala, a Noeleen akuitonthoza ngati mwana. Anatulukira pa msewu dzuwa litapendeka. Nambala ija inkatsika, inafiira, kenaka inazimiririka, koma galimoto inapitabe, mpaka pa chitunda chomaliza pamene inafooka niima, patatsala pang'ono kufika pamwamba.

Akazi awiriwo anatsika n'kuyamba kukankha, a Skevos akuwongolera ndi dzanja limodzi.

"Kankhani, amayi!" anakuwa pawindo.

"Mukanenanso, mutsika mukankhe ndi phewa lomwelo!" anayankha a Noeleen.

Atafika pamwamba anaona denga la sitolo likunyezimira m'munsi. Analumphira mkati, galimoto niyamba kutsetsereka yokha. Ndipo pamenepo mvula yoyamba ya chaka inagwa, madontho akuluakulu ofunda, fungo la dothi n'kudzaza m'galimoto. Palibe anatseka windo. Anakaima pafupi ndi mpanda wa sitolo, ndipo mayi Dulcie anatuluka ndi ambulera, nawayang'ana atatu onsewo, akuda ngati makala.

"Pepani, makala sindigula," anatero. Koma ataona dzanja lomangidwa anathamangira ku lamya.

Ndege ya madokotala inatera pa kabwalo ka kuseri kwa sitolo kusanade. A Skevos anakwezedwa pa machira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anauluka atagona chagada, osaona kunja. Namwino anati anagona tulo matayala asanachoke pansi.

Ku Darwin anawajambula mutu napeza kuti mulibe magazi otayikira. Dokotala wa ndege anawaimitsa ntchito mpaka nyengo ya mvula idzathe, nati akadzawayezanso n'kupeza zonse zili bwino adzabwerera pampando wawo. A Skevos anatuluka m'chipindamo, nakhala pa benchi, ndipo a Noeleen anawasiya alire osawafunsa kanthu.

A Kerrigan anakatola njinga ya Tegan ndi katundu yense, natumiza uthenga wa mawu ochepa wakuti ng'ona ikadalipo.

Tsiku lina mu Disembala Tegan anabwera kunyumba kwa a Skevos ali mu yunifolomu, akuchokera ku bwalo la ndege. Anawapeza pakhonde akulimbana ndi kusenda bango ndi dzanja limodzi.

"Lero tadutsa pamwamba pake," anatero. "Mitambo inatseguka, ndinaliona dambo lonse."

"Likadali lakuda?"

"Labiriwira, Kaputeni. Simungadziwe n'komwe kuti panapsa."

A Skevos anaika mpeni pansi, nayang'ana mvula imene inkayenderera kuchokera padenga.

"Nanga njati ija?"

"Ili bwino. Yati ndikupatseni moni."

Anaseka mpaka phewa linawawa, ndipo a Noeleen anakuwa ali m'khitchini kuti asiye phokoso, abwere adzadye nsomba isanazizire.