Kachiwala ndi Mbale ya Tiyi Wotentha

Panali mtsikana wina dzina lake Kachiwala. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Mtsikanayu sankayenda ayi. Ankangodumpha.

Kachiwala ankaopa chinthu chimodzi. Ankaopa tiyi wotentha. Tsiku lina tiyi anamuwotcha pamwendo. Chipsera chake chinali chisanathe.

Kwawo kunalibe makapu. Tiyi ankamwera m'mbale zolowa. Mbale ilibe chogwirira. Umaigwira ndi manja awiri.

M'mawa wina amayi anadwala. Bambo anathira tiyi m'fulasiki. Kenako anathamanga kukagula mankhwala.

M'nyumba munangoti zii.

"Kachiwala," amayi anaitana ali kuchipinda. "Ndikuzizidwa, mwanangu. Ndipatseko tiyi."

Mtima wa Kachiwala unagunda. Gu, gu, gu. Anayang'ana pakhomo. Bambo sanaoneke. Anasuzumira kuchipinda. Amayi ankanjenjemera m'bulangete. Mano awo ankagundana.

Kachiwala anatsegula fulasiki. Nthunzi inatuluka. Anathira tiyi m'mbale. Anathira. Anathiranso. Ankafuna kuti amayi amwe wambiri. Mbale inadzaza mpaka pamwamba.

Anaikhudza. Inamuwotcha chala. Tiyi wina anatayikira patebulo. Kachiwala anayamba kulira.

"Amayi, mbale ikuluma."

"Wadzazitsa eti?" amayi anafunsa.

"Eee."

"Ukufuna ndisambemo?" anatero amayi. Mawu awo anali otsika kwambiri. "Isiye imeneyo ipole. Tenga ina. Theka ndi la tiyi. Theka ndi la zala zako."

Kachiwala anapukuta misozi. Anatenga mbale ina. Anathira theka lokha. Anaigwira cha pamwamba. Sinamuwotche.

Koma kuchipinda kunaoneka kutali. Kutali zedi.

Anaponda phazi limodzi. Tiyi anagwedezeka. Anaponda phazi lina. Tiyi anagwedezekanso. Kachiwala anayang'anitsitsa tiyiyo. Bwanji akapunthwa? Bwanji mbale ikagwa? Chipsera chija chinayamba kuyabwa.

Kachiwala anaima pakati pa njira.

"Amayi, ndikuopa."

"Usayang'ane tiyi," amayi anatero. "Yang'ana ine."

Kachiwala anakweza maso. Anaona nkhope ya amayi pa pilo. Phazi limodzi. Phazi lina. Phazi limodzi. Phazi lina. Bondo lake linakhudza bedi.

Amayi analandira mbale ndi manja awiri. Anaikumbatira kaye. Mbale inafunditsa manja awo. Anamwa pang'ono. Anamwanso. Mano analeka kugundana.

Chitseko chinatseguka. Bambo analowa ndi mankhwala. Anaona mbale ya tiyi m'manja mwa amayi.

"Wadzuka bwanji ukudwala?" bambo anafunsa.

"Sindinadzuke," amayi anayankha. "Wandipatsa ndi nesi wanga uyu."

Bambo anamuyang'ana Kachiwala. Anamusisita pamutu.

Amayi anameza mankhwala. Anamaliza tiyi yense. Kenako anafunsa kuti, "Watsala m'fulasiki muja?"

"Watsala, amayi."

"Kandiwonjezere."

Bambo anatambasula dzanja kuti atenge mbale. Koma Kachiwala anali ataitenga kale.