Piyano ya a Bisso Ili M'malere

Ine ndine Ettore Bruzzone, ndipo bodza ndilibe nalo ntchito. Munthu amene anayamba ndi ngolo yokankha padoko la Genoa, lero malole ake akufika ku Vienna ndi ku Hamburg, anamirenji? Ndanyamula mapiyano a mabishopu ndi a oimba otchuka, ina ndinaikweza m'sitima ya ku Buenos Aires nyanja itakalipa, ndipo palibe inathyokapo ngakhale mwendo. Koma imvani za piyano ya a Fulvio Bisso. Mukakayika, kafunseni Gaspare ndi Nando, antchito anga akale. Onse ali moyo, ndipo Gaspare mowa salawa n'komwe.

A Bisso ankapeka nyimbo za piyano, zija zoyenda pang'onopang'ono ngati munthu akulingalira. Atamwalira, akazi awo, mayi Ilde, anatsala okha m'nyumba ya pamwamba penipeni, m'kanjira kopanikiza komwe galimoto silowa. Miyendo itayamba kukana masitepe, mwana wawo anawapezera chipinda kunyumba ya okalamba, kwa masisitere. Piyano inali yopita kusukulu ya zoimba, ndipo njira yake inali imodzi: pazenera, ndi chingwe. Ntchito yotere mu Genoa amaitana ndani? Ine.

Tinafika masana anthu atadya, nthawi imene masitolo amatseka ndipo m'kanjira simudutsa munthu. Mayi Ilde anali pampando pafupi ndi piyanoyo, ndodo ili pamiyendo.

"Bambo Bruzzone, kodi inu mumaimba?"

"Ine ndimanyamula, mayi. Oimba aja ndi ofooka, ngakhale kampando kawo kamawalemera."

Sanaseke. Anasisita thabwa la piyano n'kunena kuti inalipo nyimbo imodzi imene amuna awo ankawaimbira iwo okha, masana ngati amenewo. Sanailembe, sanaijambulitse. Ankati akailemba ikhala ya aliyense.

"Tsopano ikundithawa," anatero. "Ophunzira a amuna anga anabwera, ndinawang'ung'udzira, koma ankaimba zina. Ndikakhala pampando uwu ndimaigwirako pang'ono. Ndikatuluka muno, basi yapita."

Tinayamba ntchito. Tinachotsa chivundikiro ndi miyendo. Kenako tinasolola makiyi onse pamodzi ndi tinyundo take, paja amatuluka ngati dirowa, n'kuwaika patebulo la kukhitchini. Ndimatero nthawi zonse kuti katundu apepuke. Piyano yochotsedwa zimenezi ndi bokosi chabe la nsambo, singalire. Tinaikulunga m'mabulangete, tinaimanga, tinapachika gudumu la chingwe pamtanda wa denga. Pansi tinali titaika kale ngolo yoyala matiresi.

Gaspare ndi Nando anagwira chingwe m'chipinda. Ine ndinaima pazenera kulamula.

"Lero bwana agwira ntchito yolemetsa," anatero Nando, "ya pakamwa."

"Pakamwa pomwepa ndi pamene pamakudyetsa, kadyansonga iwe. Tsitsa."

Piyano inatuluka bwinobwino n'kuyamba kutsika pakati pa makoma awiri, pansi pa zovala zoyanikidwa. Itafika chapakati, anamzeze amene ankalira padenga anangoti zii. Mphepo kunalibe. M'chipinda munamveka fungo la fodya wa m'kaliwo, chikhalirecho palibe mwa ife ankasuta.

Kenako liwu limodzi. Lapansi, lofewa.

Ndinati mwina chingwe chakhudza nsambo. Linabwera lachiwiri, kenako ena pamwamba pake, mwadongosolo. Inali nyimbo. Inkachokera m'mabulangete muja, m'malere. Ndinacheukira kukhitchini. Makiyi anali patebulo pomwe tinawasiya, ali phee.

"Imani," ananong'ona mayi Ilde.

Anafika pazenera opanda ndodo. Anagwira mkono wanga, zala zili zii ngati chitsulo.

"Ndi yomweyo," anatero. Kenako anayang'ana pansi. "Fulvio, mwachedwatu."

Ndamvapo oimba akuluakulu m'maholo a ku Milan ndi ku Leipzig, nditakhala kutsogolo ndi suti yanga yabwino. Yotere sindinaimve. Inkayenda ngati munthu wobwera kunyumba, amene akuima pakhomo lililonse lomwe akulidziwa. Ndinakumbuka mayi anga akupesa tsitsi pakhonde, chinthu chimene sindinachiganizepo chichokere ubwana.

"Bwana," anatero Gaspare chapansipansi, "chingwe chikudya manja."

"Gwira."

"Ndani akuimba?"

"Ndati gwira."

Ndinavula jekete n'kugwira nawo. Nyimbo inapitirira. Mayi Ilde ankaitsatira ndi milomo, maso ali otseka. Thukuta linalowa m'maso mwanga. Chingwe chinafiira ndi magazi pomwe panagwira Nando. Kenako mtanda wa denga unalira. Fumbi linatigwera m'mutu.

"Mayi, tiyenera kutsitsa."

"Pang'ono pokha. Ili pafupi kutha."

Mtanda unaliranso. Ndinauona ukung'ambika.

"Chonde, bambo Bruzzone. Mapeto ake ndiwo ndinaiwala."

Ndinayang'ana Gaspare, bambo wa ana ang'onoang'ono, ataima pansi pa mtanda womwewo. Ndinati, "Tsitsani." Ndipo lero nditabwereranso ndinganene chomwecho.

Tinatsitsa pang'onopang'ono monga tikanathera. Nyimbo inatsika nayo, ikuchepa. Inakwera kamodzi ngati ikufuna kunena chinthu. Piyano inakhudza matiresi.

Chete.

Anamzeze anayambanso kulira. Fungo la fodya linali litapita. Mayi Ilde sanachoke pazenera.

"Ikwezeninso," anatero.

Chiyambire ntchito yanga sindinakwezepo piyano imene ndatsitsa kale. Tsiku limenelo ndinatero. Tinamanga manja ndi nsanza, tinachirikiza mtanda ndi mitengo, tinaikoka mpaka pamalo pomwe paja. Inakhala lende mpaka masitolo anatsegula. Anthu anadzaza m'kanjira, makosi ali m'mwamba, wogulitsa nsomba akufuula kuti Bruzzone wayamba kuyanika mapiyano. Piyanoyo sinalirenso.

Kusukulu ya zoimba anabwezeramo makiyi, ndipo mpaka pano imalira ngati piyano ina iliyonse. Ndinawauza aphunzitsi a kumeneko nkhaniyi. Anandipatsa khofi n'kundifunsa ngati tsikulo dzuwa linandiwomba pamutu.

Mayi Ilde ndinkawayendera kwa masisitere mpaka pamene anatisiya. Ndinkawatengera mabisiketi ndi nkhani za maulendo anga, koma iwo ankafuna chimodzi. Ankang'ung'udza nyimbo ija kuyambira pachiyambi, yonse, osaphonya, mpaka pamene piyano inakhudza matiresi. Akafika pamenepo ankaima n'kundiyang'ana, pakamwa pali potsegula pang'ono, ngati ine ndi amene ndinasunga chotsalacho. Sanandidzudzulepo.

Ine nyimboyo sinandikhale m'mutu, ngakhale kachidutswa. Gaspare ndi Nando chimodzimodzi. Timadziwa kuti tinaimva, basi.

Masiku ano ndili ndi makina okweza katundu, ndipo sindifunikanso kupita nawo kuntchito. Koma ikakhala ya pazenera ndimapita. Piyano ikafika chapakati ndimakweza dzanja, makina amaima, ndipo ndimatchera khutu kwa kanthawi. Antchito atsopano amaganiza kuti ndikuyang'ana mfundo za chingwe.